Phiri m'Magazi a Dalikeni

Mlongo wanga wabwera ndi phiri m'mitsempha.
Iye sakudziwa.
Akuti wabwera ndi bulangete limodzi, jombo,
ndi chifuwa chotambasuka
chimene malaya ake akale akuchikana.

Zaka zisanu ndi chimodzi ku Lesotho,
kuswa miyala kumtunda kumene mitengo inagonja,
kumene madzi amafulumira kuwira
koma nyemba osapsa.

Ine ntchito yanga ndi magazi a anthu.
M'mawa uliwonse pa labotale ya chipatala cha Kasungu
ndimalandira a amayi oyembekezera ochokera ku Chulu,
a ana amene malungo awayamwa,
magazi otumbuluka ngati madzi otsukira nyama.
Ndiye Lachiwiri Dalikeni anatambasula mkono,
nayang'ana kudenga ngati mwana.
Ake anatuluka mwaulesi,
akuda bii, olemera ngati phala la mawere.
Ndinawazungulitsa m'makina.
Kufiira kunakwera m'kachubu, kupyola theka.
Ndinabwereza,
poganiza kuti makina akale aja ayambanso bodza.

Akuti masabata oyamba
mutu unkalira ngati chigayo.
Kumanga zingwe za jombo kokha, befu.
Usiku mpweya unkaima wokha,
n'kudzambatuka ngati wina wamukhalira pamtima.
"Mlengalenga munali modzaza ndithu, achemwali,
koma mpweya wake wosungunula
ngati tiyi wa pamaliro."

Sanadziwe zimene zinkachitika m'kati.
Impso ndizo zinayamba kumva njala,
zinatumiza uthenga kumafupa.
Mafupa nawo anachita za mwini esiteti
pamene dengu lililonse likubwera losadzaza:
analemba aganyu ambiri,
timaselo tofiira, miyandamiyanda,
aliyense kusenza kadontho ka okosijeni.
Mnofu unalambula tinjira tachidule.
Mapapo anaphunzira kukoka mozama
ngakhale mwini wake ali m'tulo.

Koma aganyu akachuluka njira imapanikizana.
Mtima unkakankha phala m'malo mwa madzi.
Akutchula mnzake wina, Thabiso,
amene milomo inada ngati nthudza,
maso psuu, mapazi kutupa,
mpaka anamutsitsira kuchigwa pa lole ya simenti.
Wanga phiri linamulekerera.
Sindidziwa chifukwa chake. Mabuku anga sanena zonse.

Loweruka anakwera phiri la Kasungu
ndi anyamata a kabaza atatu.
Iwo anakhala pamwala, malilime kunja.
Iye anafika pamwamba akuimba mluzu,
n'kufunsa ngati chulu ichi
n'chimene tinkachiopa tili ana.

"Kodi ndikudwala?" anandifunsa madzulo,
akutembenuza kapepala ka zotsatira.
Ndinati ayi.
Thupi lako silinamve kuti wafika kwanu.

Selo lofiira limakhala miyezi inayi basi.
Ndikuwerenga pa kalendala ya kukhitchini.
Mafupa amva kale kuti kuno mpweya ndi wa bwerekete,
asiya kulemba ntchito.
Aganyu akale akupuma mmodzimmodzi,
popanda mwambo, popanda penshoni.
Fodya akamadzapita ku Chinkhoma
phiri lidzakhala litatha kusamuka,
ndipo adzachita befu pa chitunda cha kumsika
ngati tonsefe.

Sabata yachisanu ndi chiwiri
nambala inatsika kufika pamzere wololedwa.
Anagona pabedi lathu lachitsulo,
akufinya kampira m'dzanja,
thumba likudzaza pang'onopang'ono.
Ndinamupatsa Sobo ndi mabisiketi awiri.

Sindiloledwa kunena kumene thumbalo linapita.
Ndingoti ku wodi ya amayi
kuli mtsikana amene zikhatho zake zinali mbuu
ngati ufa woyera,
amene sanapyolepo Santhe chibadwire,
ndipo lero wakhala tsonga, akuyamwitsa,
chisanu cha dziko la eni chikuyenda m'mikono mwake.

Dalikeni sanafunse.
Akudzukabe pakati pa usiku,
kutsegula zenera,
kukoka mpweya kawiri, katatu, mwaumbombo,
ngati pali wina akubwera kudzaulanda.